Ulemu kwa a Natto, Soya Wovunda Wogwaditsa Mabwana

Mu Lilongwe muno zinthu za ku Japan sizisowa oziyamikira. Imani pa Old Town m'mawa muone ma Sienta, ma Vitz ndi ma Probox akulimbirana njira. Onsewo kwawo ndi ku Japan, ambiri anatsikira padoko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe, ndipo eni ake amawasisita ndi kansalu kawiri patsiku. Mlatho wa pamtsinje wa Lilongwe, womwe unkatiimika pamzere mpaka nkhomaliro kuzizira, unakuzidwa ndi thandizo la Japan, ndipo akuluakulu anayankhula mawu otamanda. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983, mbali ina ya ndalama zake inali ngongole yochokera komweko. Zonsezi zili ndi zikwangwani zake. Koma alipo mtumiki mmodzi wa dziko limenelo amene wagwira ntchito yaikulu pa anthu a ku Capital Hill, ndipo palibe anamudulirapo riboni. Dzina lake ndi natto. Ndi soya wophika amene amasiyidwa dala kuti avunde. Amanunkha, amananda, ndipo amadyedwa m'mamawa munthu usanakonzekere mavuto. Ine ndaima kuti ndimutamande, ndipo poti wamkulu satchulidwa dzina lokhalokha, kuyambira pano ndi a Natto.

Munthu sakumana ndi a Natto pamsewu. Payenera kutuluka kalata, dzina lako lidutse pamatebulo angapo, wina alifufute, wina alibwezeretse. Ubale wathu ndi Japan ndi wakale. Achinyamata awo ongodzipereka anayamba kubwera kuno mu 1971, ofesi ya kazembe wawo inatsegulidwa mu Lilongwe mu 2008, ndipo chaka ndi chaka bungwe la JICA limatenga alangizi a zaulimi, mainjiniya a zamadzi ndi aphunzitsi a masamu kukawasula kwawoko. Ena amatsagana ndi nduna ku misonkhano ya TICAD, yomwe inayamba mu 1993 ndipo ku Yokohama kokha yachitikako mu 2008, 2013, 2019 ndi 2025. Unyamuka pa Lumbadzi masana, usintha ndege ku Addis Ababa usiku, itera pang'ono ku Incheon, n'kukafika ku Narita thupi lisakudziwa ngati kwacha kapena kwada, poti kumeneko nthawi ili patsogolo ndi maola 7. Ngati ndiwe wa ku unduna wa zaulimi, basi ikakutula ku Tsukuba, m'chigawo cha Ibaraki. Likulu la chigawo chimenecho ndi Mito, ndipo Mito ndi kuchimake kwa a Natto. Amene anasankha malowo ndimamuvulira chipewa.

M'mawa mwake pa kadzutsa akupatsa thireyi. Pali mbale ya mpunga woyera wopanda mchere, kambale ka msuzi wa miso, kachidutswa ka nsomba yootcha, ndipo pakona pali kabokosi koyera, kopepuka, kotseka bwinobwino, kooneka kosalakwa. Ukatsegula upeza timapaketi tiwiri, kena ka msuzi wakuda wamchere, kena ka mpiru wachikasu wolasa m'mphuno, ndipo pansi pake pali kapulasitiki kophimba nyembazo. Ukanyamula kapulasitikiko, ulusi unyamuka nako. Ukweza dzanja, ulusi utalika. Uyesa kuudula ndi chala, chala chilowa nawo mumlandu. Upukutira pa kansalu, kansalu nako kagwidwa. Pomwe uzidzati udzutse mutu, ulusi wina uli pa tayi, wina walumikiza chibwano ndi kabaji ka dzina lako, wina ukuuluka pang'onopang'ono kulunjika m'kapu ya mnzako wa ku Ghana. Patebulo lapafupi, mayi wachikulire wa komweko wagwira timitengo take tiwiri, wavundula nyembazo mpaka zachita thovu loyera, wakhuthulira pampunga, wazunguza timitengoto m'malere, ulusi wonse phwe, waduka. Sanakuyang'ane n'komwe, ndipo ulemu umenewo ndiwo umawawa.

Kuvundulako si kwamasewera. Katswiri wawo wa zakudya Kitaoji Rosanjin, yemwe anamwalira mu 1959, ankaphunzitsa kuti a Natto amakoma ukawavundula kwambiri usanathire msuzi, ndipo kampani ina ya zidole inafika popanga kamakina kowavundula maulendo 424. Anthu owerengera mavundulidwe a nyemba chotere, musadabwe kuti Probox yawo siifa.

Kukambirana uku ndinakumva ndi makutu anga, kwapansipansi, pakati pa mkulu wa dipatimenti ndi kamnyamata ka mu ofesi mwake:

"Bwana, izitu zikuoneka kuti zinagona kunja kwa firiji. Tiwauze?"

"Khala chete iwe. Idya. Akutiona."

"Nanga inuyo bwana simukudya bwanji?"

"Ndiyambe ndaona kuti iweyo zikutenga bwanji."

Kayendetsedwe konse ka maofesi athu kali m'mawu anayiwa. Koma a Natto salola kuti zithere pamenepo, ndipo ichi ndicho chabwino chawo choyamba: satumidwira munthu. Ku Lilongwe bwana ali ndi dalaivala womuimira pamzere wa mafuta, mesenjala womuimira kubanki, womutsatira womuimira kumaliro a wantchito wamng'ono. Pamaso pa a Natto alibe womuimira. Sangapange komiti. Sanganene kuti nkhaniyi tiibweretsenso pamsonkhano wotsatira, chifukwa mwini malo wafika kale, wawerama, waima pambali akumwetulira kudikira kuti mlendo wolemekezeka alawe. Foni nayo sangaigwire, poti zala zonse zili ndi ulusi. Kwa ena aka kamakhala koyamba m'zaka zambiri kudya chakudya akuchiyang'ana.

Ndiye taonani zomwe zimachitikira nkhope. Nkhope ya bwana wa m'boma ndi yosulidwa. Yakhala pamaso pa aphungu a komiti yoona za ndalama osaphethira, yamvetsera malipoti a maola atatu osayasamula, yalonjeza anthu a kumudzi mjigo ikudziwa kuti bajeti inatha kale. Nyemba zitatu za a Natto zikafika palilime, ntchito yonseyo imagumuka. Mphuno ikwinyika, diso limodzi litseka, mtsempha wa pakhosi uima. Choonadi chimatulukira poyera popanda kafukufuku, popanda loya. Pakamwa pokha ndi pomwe pamayesa kupulumutsa zinthu. Mwini malo akafunsa kuti chakudyacho achiona bwanji, bwana ameza movutikira n'kunena kuti n'chokoma zedi, kwathu kulibe. Mwini malo asangalala, auza anzake, ndipo m'mawa mwake pathireyi ya bwana pali timabokosi tiwiri. Akale anati safunsa anadya phula. Wonama amadya kawiri.

Wamkulu aliyense ali ndi mbiri ya kubadwa kwake, ndipo ya a Natto ndi yogwetsa misozi. Eni ake ali ndi nthano yoti m'zaka za m'ma 1080, asilikali a mkulu wankhondo Minamoto no Yoshiie ankaphika soya woti adyetse akavalo pamene adani anawadzidzimutsa. Anakokolera soya wotenthayo m'matumba a udzu wa mpunga, kumangirira pamsana pa akavalo, ulendo. Patapita masiku atamasula matumba anapeza nyemba zikutulutsa ulusi. Msilikali wina wanjala analawa, sanafe, anapatsako mkulu wake. Chakudya cha akavalo, choiwalika, chofunditsidwa ndi thukuta la nyama: ndani mwa akuluakulu athu, ngakhale aja okonda kusimba kuti ankapita kusukulu opanda nsapato, angafike pamenepo?

Zomwe zinachitika m'matumbamo anadzazifotokoza ndi asayansi. Mu udzu wa mpunga mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Bacillus subtilis, tomwe sitifa wamba ndi madzi otentha, ndipo mu 1905 katswiri wina, Sawamura Shin, anatipatula n'kutizindikira. Lero m'mafakitale amaviika soya, kumuphika ndi nthunzi, kumuwaza tizilomboto, kumusunga pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 40 kwa tsiku losakwana, kenako kumuziziritsa kuti akhwime. Mzinda wa Mito unatchuka nawo njanji itafika mu 1889, anthu atayamba kugulitsa a Natto okulunga mu udzu kwa apaulendo pa siteshoni. Panja pa siteshoni imeneyo pali chipilala chawo, ndipo m'mwezi wa Malichi mumzindamo mumachitika mpikisano wowadya mofulumira. Kuno zipilala timamangira atsogoleri ndi asilikali. Nyemba sitinaziganizirepo.

Pamenepa ndi pomwe pagona nkhani imene imandisangalatsa koposa. Soyatu ndi wathu. Amalimidwa ku Mchinji, ku Kasungu, ku Dowa, ku Mitundu kuseri kwa mzinda uno. Mavenda amamugula pasikelo zokayikitsa, mathiraki amamutuutsa, ndipo amakathera m'chakudya cha nkhuku, m'mafuta ophikira, mu Likuni Phala wa ana, ndi m'timapaketi ta nyama ya soya tomwe timapulumutsa mabanja mwezi ukafika pakati. Kumayadi, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, nyama ya soyayo imagulidwa ndithu, koma imadzera khomo la kuseri: ndi ndiwo za mlonda ndi wa m'dimba. Patebulo la bwana sifika. Bwanayo watsegulirapo misonkhano yambiri ya soya m'mahotela a ku City Centre. Wanena kuti soya ndi tsogolo la dziko, ndi mlowam'malo wa fodya, ndi mankhwala a kunyentchera kwa ana. Anthu awomba m'manja, nthawi ya nkhomaliro yakwana, iye wakatenga ntchafu ya nkhuku. Ndiye kuti soya amamudya kudzera mwa nthumwi.

A Natto anaziona zonsezi ali kutali, osayankhula. Anangodikira. Ndipo tsiku lina munthu uja yemwe kwawo sangakhudze soya wabwinobwino, wokazinga ndi anyezi ndi tomato, anawoloka nyanja ziwiri, anavula nsapato pakhomo, anapinda miyendo pamphasa mpaka mawondo kulira, anawerama, n'kudya soya wovunda akuthokoza. Mlimi wa ku Mchinji amene anagulitsa thumba lake motchipa sadzamva za tsikuli, koma mlandu wake unaweruzidwa.

Tsono tinene za alawansi, poti tili pakati pa abale. Aliyense mu Lilongwe amadziwa kuti ulendo wakunja ndi munda, ndipo munthu wanzeru sadyera zokolola m'munda momwemo. Vuto n'lakuti Japan amadziwa kulanda ndalama mwaulemu. Sushi wabwino amadula, nyama ya ng'ombe ya ku Kobe ndiye osayerekeza. Kaufa kaja unabisa pakati pa malaya m'sutikesi kamatha sabata yoyamba, poti anzako a ku Zambia akangomva fungo la nsima amagogoda ndi mbale zawo. Ukatero umalowa m'sitolo usiku, kuyendayenda ukuwerengera mitengo m'makwacha, mtima ukugunda. Pashelefu ya m'firiji upeza a Natto, timabokosi titatu tomangidwa pamodzi, mtengo wake pafupifupi mayeni 100. Pachakudya chonse chopatsa thanzi m'sitolomo, ochepa ndi amene angatsike kufika pamenepo. Uyang'ana kumanzere, uyang'ana kumanja, utenga.

Sabata yachiwiri umadya utatseka mphuno. Yachitatu umathirako tsabola wako wa kambuzi yemwe unanyamula m'kabotolo. Pofika kumapeto umapezeka ukuvundula ndi mtima wonse, ukulangiza obwera kumene kuti msuzi umathiridwa pambuyo. Ndalama zili phee m'thumba. Pali mipanda ya njerwa mumzinda muno, pali malata, pali fizi ya ana, zimene maziko ake ndi a Natto, ngakhale eni ake pothokoza kutchalitchi sawatchula. Ena ndalamazo amaitanitsira Vitz, ndipo potero zimabwerera komwe zinachokera. Sindikudziwa kazembe wina amene anatumikirapo dziko lake mochenjera chotere.

Musaone kufatsa, a Natto ndi oopedwa kwawo komwe. Ofulula sake, mowa wawo wa mpunga, saloledwa kudya a Natto nyengo yofulula, chifukwa tizilombo tawo n'tamphamvu moti tikangolowa m'nyumba yofululira timagonjetsa nkhungu yomwe imasasitsa mpungawo. Odwala amene amamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, madokotala amawaletsa a Natto chifukwa ali ndi vitamini K wochuluka wolimbana ndi mankhwalawo. (Nkhani imeneyi ikangomveka pagulu la nthumwi, odwala mtima amachuluka mwadzidzidzi.) Ulusi uja umakuchititsa manyazi pa tayi, kampani ina ya ku Osaka inatengako chomwe chimaupanga n'kukonza ufa woyeretsera madzi: ukauthira m'ndowa ya madzi amatope n'kutakasa, zinyalala zimagwirana n'kukhala pansi. Ufawo wagwirapo ntchito ku Bangladesh, ku Somalia ndi ku Tanzania.

Anafika mpaka ponamiziridwa zabwino, zomwe zimachitikira akuluakulu okhaokha. Mu Januwale 2007 pulogalamu ina ya pa Kansai TV inaulutsa kuti kudya timabokosi tiwiri patsiku kumachepetsa thupi. Anthu anakhamukira m'masitolo, mashelefu anayera, mafakitale anagwira ntchito usiku. Patangopita masabata ochepa zinaululika kuti umboni wake unali wopeka. Pulogalamuyo inathetsedwa, mkulu wa kanemayo anatula pansi udindo. A Natto sanakhudzidwe ndi mlanduwo. Iwo sanalonjezepo munthu kalikonse, ndipo fungo lawo limanena zonse usanalipire.

Ndikudziwa kuti adani awo akudikira pomwepa. Akuti amanunkha. Inde amanunkha, ndipo ngakhale ku Japan komweko anthu ambiri a ku Osaka ndi madera oyandikana nawo anakula akuwakana. Koma amene akudandaulawo ndi ndani? Ndi ife amene timakwera minibasi yochokera ku Salima titakhalira dengu la usipa, mawindo otseka. Ife amene timaimitsa galimoto ya boma pamsewu wa ku Dedza kuti tigule mbewa zapampani, ubweya uli pomwepo. Ife a kondowole wa chinangwa chogona m'madzi masiku angapo, a chambiko, a thobwa logona. Abale athu a ku Nigeria ndi ku Ghana amakometsera msuzi ndi dawadawa, yemwe amavunditsidwa ndi tizilombo ta mtundu womwewo. Achinyamata a ku Japan aja akhala akutumizidwa m'midzi mwathu kwa zaka zoposa 50, ndipo tawaphunzitsa kutema nsima yotentha ndi manja, tawapatsa ngumbi, tawaseka akulimbana ndi mutu wa mbewa. Ngongole imeneyo tinkayesa idzabwezedwa ndi chiyani? Ndipo tisanyozane, poti mapepala tili nawo tonse: UNESCO inalemba kaphikidwe ka makolo a ku Japan m'kaundula wake mu 2013, nsima yathu mu 2017.

Za kunandazo ndiye munthu woleredwa ndi therere sayenera kutsegula pakamwa. Kusiyana kwake n'kumodzi: therere limadziwa malire, ukapotoza dzanja pamwamba pa mbale limaduka n'kukusiya upite. A Natto akakugwira amakuperekeza mpaka m'kalasi.

Pa zonsezi iwo safuna kutchuka. Sushi amajambulidwa n'kuikidwa pa Facebook ndege isanatere n'komwe ku Lumbadzi. Tempura amatchulidwa paukwati. Pa Bwandilo ku Area 47, mang'ina ali pambale, wobwera kumene amasimba za nsomba yosaphika, ndipo usiku ukamapita nsombayo imanka ikula, mpaka imayamba kuphethira. Za a Natto sanena. Mu lipoti la ulendo, pamutu wa zomwe taphunzira, mupezamo kusunga nthawi, ukhondo wa m'misewu, kuthirira mpunga m'mizere. Mphunzitsi amene anakumana naye m'mawa uliwonse mulibemo.

N'chifukwa chake ndikupempha kuti tiwaitane kuno. Njira ilipo kale. Mu 2003, nthawi ya pulezidenti Bakili Muluzi, dziko lino linatengera ku chigawo cha Oita ndondomeko ya One Village One Product, yomwe bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anayambitsa mu 1979, yoti mudzi uliwonse ukhale ndi chinthu chake chodziwika nacho. Soya tili naye, mbewu ngati Tikolore zinatulukira pa Chitedze pompa. Udzu wa mpunga uli mbwee ku Bwanje, pa sikimu yomwe a ku Japan omwewo anathandiza kumanga. Madigiri 40 ku Chikwawa ndi ku Nsanje amapezeka ulele mwezi wa Okutobala, magetsi azime asazime. Ndipo Japan soya wake wambiri amachita kugula ku America, ku Brazil ndi ku Canada, ndiye msika sitingausowe.

Koma ntchito yawo yeniyeni ili pa Capital Hill. Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 pa 100 iliyonse, pulezidenti Lazarus Chakwera anaimitsa maulendo akunja a akuluakulu a boma. Malamulo otere amabwera n'kupita, ndipo amapweteka ndi oyenera kuyenda omwe. Ine ndikuti paikidwe tebulo limodzi pakhonde la unduna uliwonse. Aliyense wofuna kuti dzina lake likhale pamndandanda wa nthumwi, kaya ulendo ndi wa ku Yokohama, ku Geneva kapena ku New York, akhale pansi atavala tayi, apatsidwe timitengo tiwiri ndi kabokosi kamodzi, amalize popanda madzi, mamesenjala akuonerera. Gulu la anthu makumi atatu lidzatsala anayi, ndipo anayiwo adzakhala ofunadi kukaphunzira. Pamisonkhano ya kunyanja ndi ya ku Mponela, nthawi ya tiyi, m'malo mwa samusa pazibwera a Natto, tione ngati nkhani ya tsiku limodzi idzatengenso masiku asanu.

Ndikudziwa chomwe chidzachitike pakatha miyezi itatu, poti Mmalawi palibe chomwe sazolowera. Mabwana adzayamba kupempha kabokosi kachiwiri. Adona a kumayadi adzamva kuti n'chakudya cha anthu oyenda, adzayamba kuika patebulo alendo akabwera, mlonda n'kuletsedwa kukhudza. Kenako makatoni adzayamba kusowa m'sitolo ya unduna, mabuku akuonetsa kuti onse alipo. Pamenepo ndi pomwe a Natto adzaposere katundu yense amene boma linagulapo, chifukwa wofufuza sadzafunika fayilo, mboni kapena chilolezo cha khoti. Adzangotola ulusi pachitseko cha sitolo n'kuutsatira wapansi, kutsika masitepe, kudutsa poimika magalimoto, kutuluka pageti, kukhotera ku Area 10, mpaka pafiriji ya mwini wake.